Musachinyoze Chaka Choyamba

Ana anga a ku Chiuta, a ku Entre Lagos ndi a ku Insaca, inu amene mwatsiriza kalasi ya 12 mtima uli pa maphunziro a farmácia, ndikuuzeniretu chimene chikukudikirani musanakwere sitima ya ku Cuamba n'kupitirira ku Nampula. Ambiri mukuganiza kuti mukangofika ku Universidade Lúrio, kapena ku UniZambeze ku Tete, kapena ku yunivesite ya Akatolika ku Beira, adzakuvekani chovala choyera n'kukuimikani pakati pa mashelefu a mankhwala. Si mmene zilili. Chaka choyamba mudzachithera pa benchi mukuwerengera ma mole, mukujambula maatomu a kaboni, mukusuzumira khungu la anyezi pa maikulosikopu, mukulimbana ndi masamu omwe aja mumati munatsanzikana nawo ku sekondale. Kutsidya ku Malawi n'chimodzimodzi. Ku Kamuzu University of Health Sciences, kumene digiri ya zamankhwala inayamba mu 2006 sukuluyo ikadali College of Medicine, wochokera ku sekondale amayamba wakhala chaka chathunthu pa kemisitiri, bayoloje, fizikisi ndi masamu asanakhudze phunziro lenileni la mankhwala.

Ophunzira ambiri chaka chimenechi amachitenga ngati ofesi ya pamalire ku Nayuchi: uonetse chiphaso, akudindire, udutse, za ofesiyo uiwale. Amaloweza mayeso ali mawa, akakhoza mwamwayi mabuku n'kugulitsa kwa obwera m'mbuyo. Ine ndikuti amenewo ataya gawo lokhalo la maphunziro awo lomwe silidzakalamba. Mayina a mankhwala amabwera n'kupita. Agogo anu malungo ankachiza ndi kolokwini, makolo anu anamwa Fansidar, inu mwakulira Coartem, yemwe kutsidya amati LA, ndipo ana anu adzamwa china chimene lero sichili m'buku lililonse. Koma miligalamu idzakhalabe gawo limodzi mwa magawo 1000 a galamu, asidi adzachitabe zomwe amachita akakumana ndi soda, chiwindi chidzaphwanyabe mankhwala momwe chikuphwanyira lero. Ndiponso mayina aliyense angaloweze. Ngakhale bambo uja woyala mapiritsi pa thumba tsiku la msika amamudziwa kapisozi wa amoxicillin pongoona mtundu wake. Chodzakusiyanitsani ndi iyeyo n'chimodzi chokha, kudziwa chifukwa chake: chifukwa chiyani muyezo uwu, chifukwa chiyani kumwera chakudya, chifukwa chiyani botolo ili litayidwe tsiku lake lothera mphamvu lisanakwane. Mayankho a mafunso amenewa onse ali m'chaka choyamba, ndipo ndikusonyezani mmene aliri.

Tiyambe ndi masamu, poti ndiwo ambiri mumawathawa. Tiyerekeze kuti m'dzinja mayi wabwera ndi mwana wa makilogalamu 12, akukomoka ndi malungo aakulu, sangathe kumeza piritsi. Mankhwala ake ndi jakisoni wa artesunate. Malangizo a bungwe la WHO amati mwana wosakwana makilogalamu 20 alandire mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse, pomwe wolemera kuposa apo amalandira 2.4. Ndiye kuti mwanayu akufunika mamiligalamu 36. Koma m'kabotolo muli ufa wa mamiligalamu 60, ndipo sirinji siyeza mamiligalamu, imayeza mamililita. Ufawo umayamba wasungunulidwa ndi mililita imodzi ya bicarbonate. Ngati mankhwala alowera mu mtsempha, amaonjezamo mamililita 5 a madzi amchere, mililita iliyonse n'kukhala ndi mamiligalamu 10, mwana n'kulandira mamililita 3.6. Ngati abayidwa pa ntchafu, amaonjezamo mamililita 2 okha, mililita iliyonse n'kukhala ndi mamiligalamu 20, mwana n'kulandira 1.8. Kabotolo n'komweko, mwana ndi yemweyo, koma wosokoneza njira ziwirizi apereka theka la muyezo kapena muyezo wowirikiza. Wobaya ndi namwino, inde, koma namwino akakayika amathamangira kwa wa ku farmácia. Apa palibe masamu a mapulofesa, ndi kuchulukitsa, kugawa ndi regra de três ija munaphunzira mukadali ana. Chovuta n'chakuti muyenera kuwachita molondola pakati pa usiku, mukuunikira tochi ya foni, mayi akulira pakhomo. Dzanja limene silinazolowere kuwerengera masana pa benchi, usiku umenewo limanjenjemera.

Inu a m'malire mulinso ndi msampha wanuwanu umene a ku Maputo ndi a ku Lilongwe sauganizira n'komwe. M'sukulu zathu, m'Chipwitikizi, timalemba 2,4 ndi koma, kadontho timakasungira masauzande, moti 1.000 ndi chikwi. Kutsidya, m'Chingerezi, zili chagada: 2.4 ndi kadontho, 1,000 ndi koma. Anthu a kuno sadwala motsata mapu. Wina akaonedwa pa chipatala cha m'boma la Machinga pepala n'kubwera nalo kuno, wina agula mankhwala olembedwa Chingerezi, ndipo mabokosi ambiri a m'nkhokwe zathu amachokera ku India. Woona manambala ngati zithunzi chabe, osamva kukula kwake, angawerenge 0.5 ngati 5 kadontho katafufutika ndi thukuta la m'thumba, osadabwa chilichonse. Amene masamu anamulowa m'magazi amaima pomwepo: nambala iyi singakhale yoona, mwana wa msinkhu uwu sangamwe zochuluka chonchi. Luso limeneli, lomva kuti yankho lapotoka usanapeze pamene lapotokera, siligulidwa pamodzi ndi makina owerengetsera. Limabwera ukawerengera mafunso mazanamazana ndi pensulo, ukalakwa, ukafufuta, ukabwereza.

Wina ati chabwino, kuchulukitsa ndi kugawa tamva, nanga ma logaritimu ndi magalafu okhota aja adzatithandiza chiyani pawindo logawira mankhwala? Yankho lili mu Coartem yemweyo. Mankhwala ambiri akalowa m'magazi sachokamo mlingo wofanana ola lililonse. Amachepa ndi theka pakapita nthawi yakutiyakuti, kenako theka la otsalawo, kenako thekanso: 100, 50, 25, 12.5, moti kukachepa kasanu pamatsala pafupifupi 3 pa 100 alionse. Kachepedwe kotere ndiko ma logaritimu amafotokoza. Mu piritsi la Coartem muli mankhwala awiri, mamiligalamu 20 a artemether ndi 120 a lumefantrine. Woyambayo ndi waukali koma sakhalitsa, amagwetsa tizilombo tochuluka msangamsanga, theka lake n'kutha m'maola ochepa chabe. Wachiwiriyo ndi wodekha, amakhala m'magazi masiku angapo akusesa totsalira. N'chifukwa chake mankhwalawa amamwedwa maulendo 6 m'masiku atatu, ulendo wachiwiri patangodutsa maola 8. N'chifukwa chakenso wodwala amene wapeza bwino tsiku lachiwiri n'kusungira mng'ono wake mapiritsi otsala wadzinamiza yekha, pakuti lumefantrine sanaunjikane mokwanira kuti amalize ntchito. Wogawa mankhwala wosadziwa zimenezi amangokalipa kuti mumalize onse, anthu n'kuvomera pawindo, kunyumba n'kukachita zawo. Wodziwa amatha kuwafotokozera m'chinenero cha kwawo kuti kupalira koyamba kumagwetsa udzu waukulu, koma wosabwereza khasu munda wake umabwerera thengo. Mlimi akamva chomwecho safunanso kukalipiridwa.

Kemisitiri ndiye mtima wa ntchito yonseyi, ndipo apa ndichedwapo. Lumefantrine uja sasungunuka m'madzi, amasungunuka m'mafuta, ndipo chochititsa ndi kamangidwe ka molekyu yake. Wophunzira amene anamvetsa chifukwa chake mafuta ndi madzi sizisakanikirana wamvetsa kale chifukwa chake Coartem amafuna mkaka, phala la nsinjiro kapena chakudya china chamafuta, ndi chifukwa chake khanda limangofunika kuyamwitsidwa likamwa. Akamwedwa m'mimba mulibe kanthu, gawo lalikulu limangodutsa osalowa m'magazi. Taonaninso TLD, piritsi limodzi la tsiku ndi tsiku limene ambiri omwa ma ARV kuno ndi kutsidya akumwa masiku ano. Muli dolutegravir, amene molekyu yake imakanirira ayironi, kashiamu ndi maginiziyamu ngati nkhanu yapana chala. Tsono mayi woyembekezera amapatsidwa ku sikelo mapiritsi a ayironi oonjezera magazi. Akamwera pamodzi ndi TLD m'mimba mopanda chakudya, ayironi amamanga dolutegravir m'matumbo momwemo, wochepa yekha n'kufika m'magazi, kachilombo n'kupeza mpata. Mankhwala a maginiziyamu oziziritsa pamtima pakamatentha amachita zomwezo. Mayiyo sananame, sanadumphitse tsiku, koma mankhwala sakugwira, ndipo mwina akudzudzulidwa pa mlandu umene si wake. Angaone msampha umenewu ndi yekhayo amene chaka choyamba anakhala pansi n'kumvetsa ma ayoni ndi mmene amagwiranirana. Ciprofloxacin ndi doxycycline nawonso amamangidwa ndi zitsulo zomwezi, ndipo womvetsa chifukwa chake sachita kuloweza mndandanda, mfundo imodzi imamutsegulira onse.

Kemisitiri ya kaboni ophunzira amaitukwana chifukwa cha mayina aataliatali ofananafanana, koma kusiyana pang'ono kwa mayinawo kwaikitsa ana m'manda. Propylene glycol ndi madzi olemerako, opanda mtundu, otsekemera pang'ono, amene amasungunuliramo mankhwala amadzi a ana. Diethylene glycol ndi ethylene glycol amaoneka chimodzimodzi, amatsekemeranso, ndi otchipa, koma ntchito yawo ndi ya m'mafakitale ndi m'magalimoto, ndipo chiwindi chikawaphwanya amasanduka maasidi owononga impso. Mu 1937 ku America anthu oposa 100 anafa atamwa sulfanilamide wosungunulidwa mu diethylene glycol. Dziko linati laphunzirapo. Koma mu 2022 ku Gambia ana oposa 60 anafa impso zitaleka kugwira ntchito, ndipo mu Okutobala chaka chimenecho WHO inachenjeza za mitundu inayi ya mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine amene anapezeka ndi poizoni ameneyu. Ku Indonesia nakonso m'nyengo yomweyo kunafa ana ambiri ndi vuto lomweli. Diso, mphuno ndi lilime sizingasiyanitse madzi amenewa, imatha ndi labotale yokha. Ku ANARME, bungwe loyang'anira mankhwala kuno ku Mozambique, ndi ku PMRA ku Malawi, kumafunika anthu otha kuyeza zotere, ndipo anthuwo samera okha ngati bowa wa m'dzinja. Ndi ophunzira omwe aja anaphunzira kugwira pipeti n'kudikira moleza mtima dontho lomaliza losintha mtundu wa madzi m'galasi.

Za bayoloje ndiyambe ndi nkhani ya ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa ku Tete. Mu Januwale 2015 anthu anamwa mowa wa phombe pa tsiku la maliro, 75 anafa, ena ambiri anagonekedwa m'chipatala. Mphekesera inafala dziko lonse mpaka m'manyuzipepala akunja kuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Tonse tinakula tikumva kuti ndulu ya ng'ona ndi poizoni woposa onse, choncho ofunsa anali ochepa. Patapita miyezi, malabotale atayeza mowawo ndi ufa wake, zinapezeka kuti mu ufa wa chimanga munali bakiteriya wotchedwa Burkholderia gladioli, amene amatulutsa bongkrekic acid, poizoni wotseka njira imene maselo a m'thupi amapezera mphamvu. Panalibe ng'ona, panalibe wothira. Wophunzira aliyense amene anamvetsera phunziro la mitokondiriya akanatha kutsata bwinobwino mmene anthuwo anafera. Ndikutchula nkhaniyi chifukwa bayoloje ya chaka choyamba, ya maselo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, imaphunzitsa kufunsa umboni pamene mudzi wonse wagwirizana kale pa yankho. M'madera ngati athu, kumene munthu angamenyedwe kapena kusamutsidwa pamudzi chifukwa chongomuganizira, pamafunika wina wolimba mtima wonena kuti chotsalacho musataye, chikayezedwe.

Bayoloje yomweyo ndiyo imafotokoza mmene kolokwini anathera mphamvu. Tizilombo ta malungo timaswana tambirimbiri, tina timabadwa tosiyanako pang'ono ndi tinzake, ndipo mankhwala akapha tofooka, totsalato ndito timadzaza dziko. Malawi ndilo dziko loyamba mu Africa kusiya kolokwini n'kutenga Fansidar, mu 1993, ndipo mu 2007 Fansidar nayenso anasiyidwa, LA n'kulowa m'malo. Chodabwitsa n'chakuti ofufuza a ku Blantyre anapeza kuti patadutsa zaka ngati khumi kolokwini atachotsedwa, tizilombo tomva kolokwini tinachulukanso, poti topirira tija tinalibenso chotiposetsa tinzake. Zimene Darwin anafotokoza, zija mumangoziwerengera mayeso, zikuchitika m'magazi a abale anu. Lero ku Rwanda, ku Uganda, ku Eritrea ndi ku Tanzania kwapezeka tizilombo toyamba kuchedwa kufa ndi artemisinin, kholo la artemether wa mu Coartem, ndipo Tanzania ndi Niassa wathu walekanitsa ndi mtsinje wa Rovuma basi. Aliyense wogulitsa makapisozi atatu a amoxicillin poti ndalama ya wogula yathera pomwepo akuweta tizilombo topirira, ngakhale iye akudziona ngati wachifundo. Womvetsa zimenezi dzanja lake limalemera potero.

Matenda a kolera tikuwadziwa. Azunza kangapo asodzi a m'zimbowera za pa nyanja ya Chilwa, ndipo mu 2022 ndi 2023 anasakaza mbali zonse ziwiri za malire. Zida ziwiri zazikulu zolimbana nawo zimagona pa kusungunula molondola. Paketi ya SRO, imene kutsidya amati Thanzi, imathiridwa mu lita imodzi ya madzi abwino. Mwa zina muli mchere magalamu 2.6 ndi shuga wa glucose magalamu 13.5, ndipo shugayo sanamuikire kukometsa. M'matumbo muli tizitseko timene timalowetsa sodiyamu pokhapokha atatsagana ndi glucose, madzi n'kutsatira mcherewo, ndipo poizoni wa kolera tizitseko timeneti satitseka. Mayi akasungunulira paketi yonse mu kapu imodzi poganiza kuti ikhala yamphamvu, madziwo amakhala okhathamira kuposa magazi, osmosis imakokera madzi a m'thupi kupita m'matumbo, mwana n'kuumiratu. Klorini nayenso ali ndi miyezo yake: 0.05 pa 100 wosambira m'manja, 0.2 wotsukira pansi ndi mabedi, 2 wothira pa masanzi ndi chimbudzi cha wodwala. Kuchoka pa 2 kufika pa 0.05 ndi kusungunula ka 40, ndipo ufa wa klorini umachepa mphamvu ukakhalitsa pamalo otentha. Mliri ukagwa, funso la masipuni angati mu ndowa ya malita 20 lidzabwera kwa inu.

Fizikisi ndivomereze kuti ili ndi zambiri zimene simudzazigwira ndi manja pa ntchito. Palibe wodwala adzakufunseni liwiro la mwala wogwa padenga. Koma gawo la kutentha, chinyezi ndi kuwala musasewere nalo. Mabokosi ambiri amalembedwa kuti asungidwe posapitirira madigiri 30, ndipo chipinda cha malata chopanda siling'i mu Okutobala ndi Novembala mukuchidziwa mmene chimawotchera. Akatswiri amayerekeza kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kuwonongeka kwa zinthu zambiri zotere kumafulumira pafupifupi kawiri. Tsiku lolembedwa pa bokosi ndi pangano lokhala ndi mfundo yake: mankhwala adzafika tsikulo ngati asungidwa mmene ananenera. Oxytocin, amene amaletsa mayi kutaya magazi akabereka, malo ake ndi m'firiji pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo wokhalitsa pa kutentha amaoneka bwinobwino m'kabotolo pomwe mphamvu yachepa. Kuzizira kopitirira nako kumawononga. Katemera wa kafumbata ndi wa pentavalente akaundana ngati ayezi atha ntchito, ngakhale asungunukenso, ndipo womugundika ku ayezi poganiza kuti akumusamala ndiye wamupha.

Tsono ndimve zotsutsa zanu, poti ndikudziwa kuti zilipo. Choyamba mukuti zonsezi zili kale pa matchati a unduna wathu wa zaumoyo, MISAU, opachikidwa kukhoma, mapaketi a Coartem amabwera ogawidwa kale malinga ndi kulemera kwa wodwala, mankhwala a likodzo m'sukulu amayeza ndi ndodo ya msinkhu, ndipo foni imawerengera chilichonse. N'zoona, ndipo matchatiwo apulumutsa anthu osawerengeka, chifukwa anakonzedwa kuti ngakhale APE, wazaumoyo wa kumudzi wophunzira miyezi yochepa, athe kuthandiza. Koma tchati chimayankha funso limene wochilemba analiganizira. Sichinena chochita paracetamol wamadzi amene mwamuzolowera, wa mamiligalamu 120 pa mamililita 5, akalowedwa m'malo ndi wa 250. Sichikuwerengerani mabokosi oti muitanitse mvula isanadule msewu wa ku Cuamba, pomwe malungo ndiye amachuluka miyezi yomweyo. Tchati chimodzi sichidziwa zolembedwa pa chinzake, moti amene amakumbukira kuti rifampicin wa chifuwa chachikulu amafulumizitsa chiwindi kuphwanya dolutegravir, choncho wodwala ayenera kuonjezeredwa mamiligalamu ena 50 a dolutegravir pakatha maola 12, ndi munthu wokhala ndi mutu. Foni nayo imachulukitsa zimene mwaipatsa, mukaipatsa zolakwika imakubwezerani zolakwika mwaulemu, ndi manambala asanu kuseri kwa koma. Ku Nampula wokayika amagogoda pa chitseko cha mnzake. Kuno mwina mudzakhala nokha wodziwa za mankhwala pa mtunda wa tsiku lathunthu wapansi, netiweki ikubwera ndi kupita. Anthu amaganiza kuti sayansi yozama ndi ya m'tauni, kumudzi kungofunika wodziwa kuwerenga lebulo. Ine ndikuona mosiyana: nyumba ya m'dambo ndiyo imafuna maziko akuya.

Chachiwiri mukuti makolo athu ankachiza anthu osadziwa mole kapena atomu. Zimenezo sindizinyoza, ndipo nzeru zawo zinafika kutali kuposa mmene ambiri mukudziwira. Alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka mivi yawo poizoni wa kombe. John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa pa Zambezi umene unayamba mu 1858, anaona kuti mtima wake wayamba kugunda mochedwa atatsuka mano ndi mswachi umene unakhudzana ndi kombe m'thumba. Ku Edinburgh, Thomas Fraser anafufuza mbewu zimenezi n'kupatulamo strophanthin, amene kwa zaka zambiri anali mankhwala a mtima ku Ulaya, ndipo mpaka lero dzina la chomeracho m'mabuku a sayansi ndi Strophanthus kombe, mawu a Amang'anja. Mphamvu ya kombe anaipeza ndi makolo. Chimene labotale inaonjezera ndi muyezo, pakuti chinthu chomwecho chogwetsa nyama pa muvi chimathandiza mtima wofooka chikayezedwa pang'ono kwambiri, ndipo mphamvu ya muzu kapena mbewu imasintha ndi dothi, nyengo ndi kasungidwe. Artemisinin uja naye anachokera ku chitsamba chimene Atchaina ankachidziwa kalekale. Tu Youyou, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2015, anapambana atazindikira kuti kuwiritsa kumaononga mankhwalawo, n'kuyamba kuwatulutsa pa kutentha kochepa. Wofuna kulemekeza zitsamba za m'mapiri ndi m'madambo a kwathu kuno ku Mecanhelas aphunzire kemisitiri, kuti tsiku lina zidzayezedwe ndi mwana wa konkuno.

Chachitatu ndicho cholemera, ndipo sindichipeputsa. Mukuti sukulu zathu zambiri zilibe labotale, kemisitiri tinaphunzira ya choko pa bolodi, buku limodzi tinkagawana anthu angapo, Chipwitikizi si chinenero cha kunyumba kwathu, ndiye tidzapikisana bwanji ndi ana a mu mzinda? Sindikunamizani, mudzayambira m'mbuyo, ndipo sabata zoyamba zidzakuwawani. Koma taonani pamene ophunzira ambiri amagwera. Si pa mfundo zapamwamba za ku yunivesite, ndi pa mabowo a m'munsi: mafulakishoni, maperesenti, mphamvu za 10, kusintha magalamu kukhala mamiligalamu, kulinganiza equação ya kemisitiri, tanthauzo la mole. Zonsezi zili m'mabuku a kalasi ya 8, ya 9 ndi ya 10, ndipo kuzikonza sikufuna labotale, kumafuna kope, pensulo ndi ola limodzi tsiku lililonse. Mutu muli nawo kale. Mnyamata wotha kusintha meticais kukhala makwacha pa Entre Lagos sitima isananyamuke, mtsikana wodziwa kuti ndowa zingati za mpunga wosapuntha zitulutsa thumba limodzi la woyera, onsewo akuchita masamu omwewo a mamiligalamu pa kilogalamu, chasintha ndi dzina chabe. Inu amene mukadali ku sekondale, sankhani gulu la masamu ndi sayansi nthawi yosankha ikafika, musathawire kwina chifukwa choopa mphunzitsi. Inu amene mukudikira mayeso olowera, musathere miyezi yonse pa kuloweza mayankho a zaka zapita, bwererani ku mabuku a m'munsi aja popanda manyazi. Mukafika kumeneko funsani, ngakhale Chipwitikizi chanu chiseketse anthu, pakuti mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ndipo mfundo iliyonse mukaiphunzira, yesani kuifotokozera mng'ono wanu m'Chinyanja, m'Chilomwe kapena m'Chiyao. Pamene lilime lakanika ndi pamene simunamvetse, ndipo odwala anu adzakhala olankhula zinenero zomwezo.

Mawu awa akukhudzanso inu amene simudzapita ku yunivesite koma ku sukulu za zaumoyo zophunzitsa ma técnico de farmácia. Zaka zanu n'zochepa, koma m'zipatala za kumidzi makiyi a nkhokwe ya mankhwala nthawi zambiri amakhala m'thumba mwa técnico, ndipo kabotolo ka artesunate sikafunsa satifiketi ya amene akukasungunula.

Usiku uno, nyali isanazime, tengani kope. Mwana wa makilogalamu 12 watentha thupi, paracetamol ndi mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse, botolo lalembedwa mamiligalamu 120 pa mamililita 5. Mayi mumuuza kuti amwetse mamililita angati? Foni muiike kutali. Ngati simunapeze 7.5, kapena mwaipeza koma simungafotokoze mmene mwaipezera, mawa m'mawa yambirani pamenepo.